Ludzu la pa Hora

Tikamakamba za mapiri a dziko lathu lino, maganizo a anthu ambiri amathamangira ku Mulanje, kumene nsonga ya Sapitwa imafika mamita 3,002, kapena ku Zomba, kapenanso ku Nyika kwa nkhungu ndi mphepo yozizira. Onsewa ndi mapiri a madzi. Munthu amakwera akumva mkokomo wa mathithi, ndipo kukhosi kukauma amangogwada pa kamtsinje n'kutunga ndi manja. Ife a ku Mzimba tili nalo lathu phiri, lalifupi poliyerekeza ndi anzakewo, ndipo alendo a makamera salidziwa kwenikweni. Dzina lake ndi Hora. Lidaima palokha kumpoto kwa boma la Mzimba, chimwala chachikulu chotumphuka pakati pa minda ndi makola a ng'ombe, chooneka munthu akadali kutalitali. Mathithi kulibe kumeneko. Wokwera Hora m'chilimwe amamwa okhawo amene wasenza.

M'Malawi muno mulibe chipululu, tonse tikudziwa. Komabe amene adakhalako ku Mzimba mwezi wa Okutobala sangatsutse ndikanena kuti chaka ndi chaka chipululu chimabwera kudzatichezera kwa milungu ingapo. Tchire limakhala litapsa, kwatsala lupsa lokhalokha. Timitsinje tambiri tothira mu Rukuru timasanduka misewu ya mchenga, amayi n'kumafukula mchengawo mpaka mkono wonse kulowa kuti apeze madzi a mtsuko umodzi. Ng'ombe zimayenda chozyolika, nthiti zili pamtunda, ndipo nyenje zimalira kuyambira m'mawa mpaka makutu kuchita kuwawa.

Ku maiko ena kuli anthu amene amalipira ndalama zambiri kuti akayende m'malo ouma otere. Ku Namibia kuli chigwembe cha Fish River, chozama mpaka mamita 550, ndipo njira yotsata mtsinjewo, ya makilomita oposa 80, imatenga masiku anayi kapena asanu. Oyang'anira malowo amaloleza anthu kuyendamo kuyambira Meyi mpaka pakati pa Sepitembala basi, ndipo aliyense ayenera kuonetsa kalata ya dokotala, popeza miyezi inayo kumatentha koopsa. Ku America kuli Grand Canyon, chigwembe chimene mtsinje wa Colorado udakumba mozama mamita oposa 1,500. Kumeneko alendo amachenjezedwa kuti kutuluka kumadya nthawi yowirikiza kawiri kuposa kutsika, ndipo chaka chilichonse pamapezeka ena amene adatsika akuseka koma potuluka adachita kunyamulidwa. M'zigwembe zimenezi madzi ali pansi, ndipo woyenda amayamba ulendo wake powalondola. Pa Hora nawonso madzi ali pansi, koma phazi lililonse limene wokwera aponya limamtalikitsa nawo. Kusiyana kumeneku kungaoneke kochepa kwa inu owerenga, koma ndiko kudapha anthu ochuluka pa phiri limeneli cha m'ma 1880.

Amene adanditengera kumeneko ndi mkulu wina, katekisiti wa zaka zoposa 60, amene adabadwira m'tsinde mwa phirilo koma adakhazikika kumwera kuno, mbali za ku Jenda, kumene ndikutumikira. Nditawauza kuti ndikulakalaka kukwera Hora mu Juni, nyengo yozizira, adapukusa mutu.

"Bambo," adatero, "Hora wa mu Juni ndi wa alendo. Ngati mufuna kulimva phirilo, tipite mvula isanagwe, dzuwa litakwiya."

Tidatenganso anyamata awiri otumikira pa Misa, onse a Fomu 3, mabwenzi a ponda apa nane mpondepo. Wina chiwongo chake n'cha Chingoni, winayo cha Chitumbuka, chinthu chimene pochoka sindidachiganizire n'komwe, chifukwa kwathu kuno zimenezi zili ngati nyemba ndi chimanga m'munda umodzi. Tidagona pa boma la Mzimba, ndipo tambala woyamba atalira tidauyamba wa kumpoto. Aliyense adanyamula chigubu cha malita awiri, mbatata yophika ndi nthochi. Tisanaponde phiri tidakaonekera kwa a mfumu a mudzi wapafupi, monga mwa ulemu wake, ndipo iwo adatipatsa mnyamata wina woweta ng'ombe kuti atitsogolere.

Njira imayamba mofatsa, ngati munthu wofuna kukukongoza ngongole. Tidadutsa m'minda, mizere ya chaka chatha ili gwa ngati njerwa, kenaka tidalowa m'mitengo ya mombo ndi tsamba. Mitengo imeneyi imandizizwitsa chaka ndi chaka. Dontho la mvula lisanagwe ndi limodzi lomwe, nthaka ili phulusa lokhalokha, iyo imakhala itaphuka kale masamba atsopano, ena akadali ofiira ngati chiwindi, ena atayamba kubiriwira. Mizu yake imafika kumene khasu lathu silifika. Pansi pake tidayenda mumthunzi woyoyoka, anyamata aja ali patsogolo, nthabwala zili pakamwa.

Nthabwalazo zidatha pamene mitengo idayamba kuchepa. Poyamba tidakumana ndi miyala ikuluikulu, ina yonga nkhokwe, ina yonga nyumba, yosanjikizana ngati idachita kukhuthulidwa kuchokera pamwamba. Apa njira yeniyeni palibe. Pali kumene mbuzi ndi abusa ake adazolowera kudutsa. Mtsogoleri wathu, atavala nsapato za matayala, ankalumpha kuchoka pa mwala kupita pa unzake osagwira pena paliponse, ife tili wefuwefu pambuyo, manja ndi mawondo zonse zili pa ntchito. Gulo wa mutu wobiriwira ankatigwedezera mutu ali pa thanthwe. Mbira zinkalira mluzu n'kulowa m'ming'alu, ndipo chapatali nyani wamkulu adakuwa kawiri, kudziwitsa anzake kuti kwabwera anthu opanda chimanga.

Pali malo ena pamene njira imalowa mumpata wopapatiza pakati pa matanthwe awiri, moti munthu amayenda cham'mbali, chigubu atachikweza pamutu. M'menemo mudali mozizira bwino, mukununkha mikodzo ya mbira imene idayeretsa mwala ngati laimu, ndipo poyang'ana kumwamba thambo linkaoneka ngati kansalu kakang'ono kobiriwira. Tidaimamo nthawi yaitali kuposa imene inkafunika. Potuluka tidapezeka pa thanthwe lamtunda, lopanda mtengo, lopendekeka ngati denga la tchalitchi, ndipo ngakhale nthawi idali isanakwane 9 koloko, mwalawo udali utayamba kale kuotcha zikhatho. Pamalo otere mwendo umafuna kunjenjemera, ndipo maso amafuna kuyang'ana kuphompho kumene sayenera kuyang'ana. Mbusa uja adatilangiza kuti tisagone pa mwala, koma tiime pa mapazi, thupi litatalikirako pang'ono, chifukwa wokumbatira thanthwe ndiye amatsetsereka. Adanena zoona. Nsapato imagwira bwino pamene kulemera konse kwa munthu kwatsikira pa iyo.

Tisanafike ndi pakati pomwe, zigubu za anyamata aja zidali zitatsika kupitirira theka. Mkulu uja adawaletsa kugugudiza. Adawaonetsa kumwa pang'onopang'ono koma kawirikawiri, madzi n'kuwasunga kaye m'kamwa asanameze. Madokotala amati munthu wogwira ntchito yolemetsa padzuwa angathe kutaya lita yathunthu ya thukuta pa ola limodzi, ndipo wosamwa konse sapitirira masiku ochepa, kawirikawiri atatu, makamaka kukatentha. Mwana wakhanda ndi nkhalamba safika n'komwe pamenepo. Zimenezi ndidaziwerengapo kale m'mabuku, koma zimamveka mwina ukamaziganiza lilime litayamba kukangamira kunkhama.

Tidapuma pansi pa thanthwe lina lotuluka ngati khonde, ndipo pamenepo mkulu uja adayamba kufotokoza. Zimene adanena ndiziphatikiza ndi zimene zidalembedwa, chifukwa ziwirizi zimagwirizana m'zambiri.

Angoni a Zwangendaba, pothawa nkhondo za kumwera kwa Africa, adaoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku limene kadamsana adadetsa dzuwa. Adayenda mpaka ku Ufipa, m'dziko limene lero ndi Tanzania, kumene Zwangendaba adamwalirira cha m'ma 1848. Ana ake atagawikana, gulu la M'mbelwa lidabwerera chakumwera ndipo m'zaka za m'ma 1850 lidakhazikika m'dziko la Atumbuka. Ufumu wa Angoni unkakula pomeza anthu. Ogwidwa ankagawidwa m'midzi ya makosana, anyamata ankaboola makutu n'kulowa m'magulu a nkhondo, atsikana ankakwatiwa, ndipo ena mwa ogwidwawo ankakwera mpaka kukhala nduna. Koma chomezedwa sichigayika chonse. Cha m'ma 1875 Atonga adathawa kubwerera kunyanja, ndipo impi imene idawalondola idagonjetsedwa ku Chintheche. Patapita zaka zochepa Ahenga ndi Akamanga nawonso adagalukira. Tsono pamene Atumbuka a kuno, motsogozedwa ndi Baza Dokowe, adaimika mutu cha m'ma 1880, Angoni adali ndi mabala awiri osapola, ndipo adatsimikiza kuti lachitatu lisakhalepo. Mbiri ya pakamwa imati mkangano udabuka pa nkhani ya minyanga ya njovu imene Baza adakana kupereka kwa inkosi. Anthu ake, amuna, akazi ndi ana, adathawira pamwamba pa Hora. Impi ya M'mbelwa, imene mtsogoleri wake wotchuka adali Ng'onomo, idazinga phiri.

"Sadavutike n'kukwera ayi," adatero mkuluyo. "Akadakwera akadaphwanyidwa ndi miyala, mwaiona nokha njirayi. Adangokhala pansi, zishango pambali, n'kumadikira. Amene adamenya nkhondo imeneyo ndi nyota."

Nyota ndilo ludzu m'Chitumbuka. Litafika posapiririka, anthu adayamba kutsika, ndipo m'tsinde adakumana ndi mikondo. Ophedwa adali ambiri zedi. Baza mwini wake adapulumuka, ndipo zimanenedwa kuti adathawira ku Kasungu, kwa Mwase. Mkuluyo adati agogo ake ankasimba kuti pa ubwana wawo abusa ankapezabe mafupa m'ming'alu ya miyala, ndipo akulu ankawaletsa kuwakhudza.

Titamva zimenezi tidakwera chigawo chotsala mwakachetechete. N'chachifupi koma n'choimirira, ndipo pena tidachita kukokana manja.

Za kukongola kwa pamwamba ndinene mosabisa, pakuti n'koona. Mphepo idatilandira, yoyamba tsiku limenelo, n'kuumitsa malaya athu. Kuvuma kudali mapiri a Viphya, mzere pamwamba pa mzere, obiriwira motuwa mpaka kusungunuka m'thambo. Kuzambwe dziko lidayalidwa ngati mphasa kulowera ku Rukuru ndi kupitirira, kumalire a Zambia. Malata a masukulu ndi matchalitchi ankang'anima apa ndi apo, utsi wa lupsa unkakwera mowongoka m'malo asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo makhungubwi awiri ankauluka pansi pathu, ife n'kumaona misana yawo, chinthu chimene munthu wa m'chigwa saona. Dziko lonse lidali lofiira ndi lotuwa, koma pakati pake padali mizere yobiriwira yokhotakhota, mitengo ya m'mbali mwa mitsinje ndi madambo, yooneka bwino lomwe ngati mitsempha pa dzanja la nkhalamba.

Pa mizere imeneyo ndi pamene maso anga adakakamira. Munthu woima pa Hora amaona pamene pali madzi ponseponse. Angathe kuloza ndi chala dambo limene amatungako, mtengo wa mkuyu umene uli pa chitsime cha kwawo, ngakhale njira imene amadzera popita kumeneko. Amayi amene adali pano masiku amenewo, ana ali kumsana, ankaona zomwezi. Woyenda m'chipululu amafa akufunafuna madzi. Awa ankawaona m'mawa, masana ndi madzulo, pa mtunda woti mwana angathamange osapuma. Tsono tsiku lina mayi adayenera kusankha pakati pa kumuonerera mwana akuuma m'manja mwake ndi kutsika naye kumene kudali mikondo. Kuyambira pamene ndidaima pamenepo, ndimakanika kuwatcha ogonja anthu amene adatsikawo.

Ku seminale tidaphunzira za Masada, thanthwe la m'chipululu cha Yudeya loyang'ana Nyanja Yakufa, limene njira yake yokwerera imatchedwa Njira ya Njoka. Kumeneko Ayuda ogalukira adazingidwa ndi Aroma m'chaka cha 73 kapena 74, ndipo wolemba mbiri Josephus amati adafa anthu 960. Koma pa Masada mfumu Herode adali atakumbiratu zitsime zikuluzikulu m'thanthwe zosungira madzi a mvula, kotero kuti Aroma sakadadalira ludzu. Adachita kuunjika chitunda cha dothi ndi miyala kuti afike pa linga. Anthu a Baza adalibe Herode wowakumbira zitsime. Adali ndi mitsuko ndi zikho zimene adatha kuthawa nazo. Lero anthu ochokera m'maiko onse amakwera Masada m'bandakucha, ndipo ife tidalemba mayeso pa nkhani yake. Za Hora, phiri loti ena mwa ife tinkaliona pa zenera la basi popita ku tchuthi, tidazimva kwa agogo, amene adali ndi mwayi wokhala ndi agogo olankhula.

Tikudya mbatata zathu, mnyamata wa chiwongo cha Chingoni uja adamugunda mnzake ndi chigongono, nati mwanthabwala, "Waona? Ife sitigonja. Mudathawira kumwamba ngati mbira." Mnzakeyo adaseka, koma kuseka kwa mano okha, ndipo adayang'ana kumbali.

Mkulu uja sadakalipe. Adamaliza kusenda mbatata yake, kenaka adafunsa, "Mwana wanga, amayi ako chiwongo chawo n'chiyani?"

Mnyamatayo adatchula. Chidali cha Chitumbuka.

"Nanga agogo ako akazi, obala abambo ako?"

Adatchulanso. Cha Chitumbukanso.

"Tsono pamene ukuti ife, ukunena ati? Amene adali pansi kapena amene adali pano? Ndiponso mawu wanyozera mnzakowa, wawanena m'chiyankhulo cha yani?"

Adali atawanena m'Chitumbuka, chifukwa ndicho chokha amachidziwa kuchokera kubere. Apa mpamene pagona chodabwitsa cha dziko la Mzimba. Angoni adapambana ndi mkondo, koma ana awo adaleredwa ndi amayi a Chitumbuka, ndipo mwana amayankhula chimene wamva kumsana. M'mibadwo iwiri kapena itatu Chingoni chidazilala m'makomo. Chidatsalira m'nyimbo za ingoma, m'mawu otamanda mafumu, ndi m'maina a midzi monga Edingeni, Embangweni, Ekwendeni ndi Engalaweni. Nawonso Atumbuka a kuno adatengera kwa Angoni malowolo a ng'ombe ndi zambiri za kakhalidwe ka pamudzi. Ine amene ndimalemba maina m'mabuku a ubatizo ndi a ukwati ndimaziona mlungu ndi mlungu: Jere akwatira NyaNyirenda, Kumwenda akwatira NyaNhlane, ndipo mwana wobadwayo ali ndi agogo amene adadikira m'tsinde ndi agogo ena amene adauma kukhosi pamwamba. Mwa anthu a ku Mzimba amene makolo awo akhala kuno mibadwo inayi, ndi ochepa angaimirire pa Hora n'kulumbira kuti magazi awo adali mbali imodzi yokha.

Phirili lidaonanso zina pambuyo pake, ndipo zidadza mofulumira modabwitsa. Mu 1882, patangopita zaka ziwiri kapena zitatu chichitikire zoopsazo, William Koyi, mlaliki wa Chixhosa wochokera ku Lovedale, adakhazikika pa Njuyu pakati pa Angoni a M'mbelwa, akuyankhula nawo chiyankhulo chimene ankachimva. Dokotala Walter Elmslie adamtsatira mu 1885, ndipo buku lake la 1899 ndi limodzi mwa mabuku oyamba ofotokoza za dziko lino. M'zaka za m'ma 1890 a mishoni ya Livingstonia adatsekula siteshoni pa Hora penipeni, ndipo ana a ozinga ndi ana a ozingidwa adakhala pa benchi limodzi kuphunzira a, e, i, o, u mumthunzi wa phiri lomwelo. Mu 1902 Donald Fraser adasamutsira siteshoniyo kumwera kuno, ku Loudon, kumene timati Embangweni, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku. Mu 1904 Angoni a kuno adalowa pansi pa boma la Angerezi popanda kuombana mfuti. Ife Akatolika tidafika mochedwa, pa Katete mu 1938, nkhani zonsezi zitakhala kale za agogo. Ndipo kuyambira mu 2008, mwezi wa Ogasiti, Angoni amasonkhana m'tsinde mwa Hora pa mwambo wa Umthetho, pamaso pa Inkosi ya Makhosi M'mbelwa, atavala zikopa ndi nthenga, nthaka n'kumagwedezeka ndi ingoma.

Ingoma ndimaikonda, ndipo sindichita nayo manyazi. Amene adaimapo pafupi amuna makumi asanu akuponda pansi nthawi imodzi, amayi akuomba m'manja ndi kuyimba pambuyo pawo, amadziwa kuti gule ameneyu amalowa m'mafupa. Anthu amene adayenda kuchokera kumwera kwa Africa mpaka ku Ufipa ndi kubwerera, osamwazika, ali nacho chonyadira. Komabe bwalo limene amavinirapo ndi tsinde la phiri lomwe lija, ndipo ambiri mwa ovinawo ndi zidzukulu za mbali zonse ziwiri.

Nditabwerako ndidakamba zimenezi ndi mphunzitsi wina wopuma pa ntchito pa boma la Mzimba, munthu wanzeru amene ndimamlemekeza. Iye adandichenjeza. Adati madzi akatayika saoleka, ndipo kufukula mafupa a pa Hora m'dziko limene andale amawerenga mavoti potsata mitundu ndi kupatsa ana machesi m'nyengo ya lupsa. Mawu ake ndidawasinkhasinkha masiku angapo, chifukwa si opusa. Alipo anthu amene nkhani yotere angaisandutse chibonga. Koma ndidaona ndi maso anga zimene zidachitika pamwamba paja. Mnyamata uja sadaphunzire kunyoza chifukwa chomva mbiri yonse. Adanyoza chifukwa adali atamva theka, theka la zishango ndi kupambana, ndipo chimene chidamtseka pakamwa ndi theka linalo, limene lidali m'nyumba mwawo momwe, pa mphasa ya amayi ake. Nkhani ya Hora imaopsa ikakambidwa ndi munthu wofuna kugawa anthu pawiri. Ikakambidwa ndi gogo amene akudziwa maukwati a pamudzi, womvera amapezeka kuti ali ndi maliro mbali zonse, ndipo munthu wotere savuta kumkhazika pansi.

Ndiponso pali ngongole ina imene sitiyenera kuizemba. Kwathu kuno munthu akamwalira timakhala pa maliro masiku, timamanga chiliza, timatchula dzina lake kwa ana obadwa pambuyo. Mwezi wa Novembala mabanja athu amadzaza mapepala ndi maina a omwalira awo. Anthu a pa Hora sadaikidwe ndi abale awo, ndipo maina awo adauma nawo limodzi, kupatula la Baza amene adapulumuka. Mkulu uja, tisanatsike, adachita chinthu chimene sindidachiyembekezere. Adatsekula chigubu chake, m'mene mudatsala madzi osakwana kapu imodzi, nathira theka lake pa thanthwe. Madziwo adachita mdima pa mwala kanthawi kochepa, kenaka adauma tikuona. Sadanene kanthu, ndipo ine, ngakhale ndidaphunzira zaka zambiri za kusiyanitsa miyambo yoyenera ndi yosayenera, ndidavula chipewa.

Ndikadakonda kuti mabanja amene amapita ku Umthetho, ndi ena onse okhala m'boma lino, apatule tsiku lina lopanda ng'oma, akwere phirili pamodzi ndi ana awo osinkhuka. Anyamuke kusanache, apemphe chilolezo ndi wowatsogolera kwa eni mudzi, avale nsapato zogwira mwala, ndipo aliyense asenze malita atatu, chifukwa awiri athu aja adachepa. Odwala mtima ndi ana aang'ono atsale m'mitengo ya m'munsi. Amene sadazolowere dzuwa apite mu Juni kapena Julayi. Phiri ndi lomwelo, ndipo mizere yobiriwira ija imaoneka ndithu.

Kutsika kudatipweteka kuposa kukwera. Mawondo ankanjenjemera, zala za kumapazi zinkagunda kutsogolo kwa nsapato, ndipo pa thanthwe lopendekeka lija tidatsika chokhala, mathalauza n'kumalira. Madzi adatithera tisanalowe m'mitengo. Ola lomalizalo palibe adayankhula, aliyense akumvetsera lilime lake. Pa mjigo wa m'mudzi tidapeza amayi ali pa mzere ndi ndowa zawo, ndipo atationa nkhope adatipatsa mpata osafunsa, mmodzi wa iwo n'kutipopera yekha. Adatiseka kuti anthu a nzeru zawo, wina wansembe, akakwere mwala mu Okutobala popanda mbuzi yotayika.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, mnyamata wa nthabwala uja adanditsatira ku sakristiya. Adati atafika kwawo adawafunsa agogo ake akazi za Hora, ndipo gogoyo adakhala chete nthawi yaitali, kenaka adamuuza kuti agogo a amayi ake adali pamwamba paja ali kamtsikana, ndipo adapulumuka chifukwa msilikali wina adamtola n'kupita naye kwawo m'malo momubaya. Kamtsikanako kadakulira m'mudzi wa msilikaliyo, kadakwatiwa komweko, ndipo mpaka ukalamba wake sikankalola kuti mtsuko wa m'nyumba ugone wopanda madzi. Gogoyo adati nkhaniyi adaisunga zaka zonsezi chifukwa padalibe adamufunsapo. Tsopano akufuna kuti mvula ikatha tidzamutengere ku Hora pa galimoto ya parishi. Kukwera sangathe, miyendo idatha, koma akuti adzakhala m'tsinde pa mpando, ife tikamuonetse mbali imene kuli njira.